Khadi la Bizinesi ya Upulambala: Dzina Lathu M'manja mwa Anthu

Kuwerenga: Miyambo 22:1, Mateyu 5:33-37, Machitidwe 9:36-42

Mau oyamba

Kapena ena mwa inu mwadabwa poona mutu wa phunziro lino, ndipo mufunsa kuti za mapaipi ndi zimbudzi zalowa bwanji m'nkhani za Chigwirizano. Dekhani, ndikufotokozereni.

Kuyambira chaka cha 2022, pamene boma linakweza ndalama za CDF kufika K25.7 miliyoni pa konsitichuwensi iliyonse, ana athu ambiri apeza mwai wophunzira nchito za manja, pakuti gawo lina la ndalamazi limalipirira maphunziro a luso. Ena aphunzira zamagetsi, ena zomangamanga, ena upulambala. Koma kuphunzira ndi kwina, kupeza anthu okuitana ndi kwinanso. Ambiri a ife tili ndi mwana, mdzukulu, mkamwini kapena bambo wa kunyumba amene adziwa bwino nchito ya mipope, koma akhala pakhomo tsiku lonse kuyembekeza lamya imene siilira.

Ine ndinaziona m'nyumba mwanga. Mwana wa malemu mng'ono wanga, mtsikana amene ndamlera kuyambira ali giredi 4, anaphunzira upulambala. Atabwera ndi setifiketi yake ndinamgulira bobojani, masipanala ndi sowo yodulira mapaipi. Miyezi inapita, zitsulozo zili m'chikwama pansi pa bedi. M'nyumba za anansi madzi anali kudontha, koma panalibe wodziwa kuti pafupi pomwepo pali wokonza. Tsono tinapangana zosindikiza makhadi. Zimene ndikuphunzitseni lero ndinaziphunzira polakwitsa kawiri.

Ulendo woyamba tinasindikiza makhadi 500. Wosindikiza anatipatsa pepala loti tione ngati zonse zili bwino. Ine mphunzitsi, amene ndatha zaka zambiri ndi cholembera chofiira m'manja, ndinayang'ana Chingerezi chonse, koma nambala ya lamya sindinaiwerenge. Manambala awiri anasinthana malo. Makhadi anagawidwa, ndipo amene anali kulandira mafoni ndi mdala wina wosadziwika wa kutali, amene anatopa n'kuuza anthu kuti iye sakonza zimbudzi.

Ulendo wachiwiri nambala inali yolondola, koma tinasiya mau amene wosindikiza anatikometsera nawo khadi, akuti "24 Hours". Usiku wina paipi inaphulika m'nyumba ya mai wina wamasiye, mnzanga wa mu mpingo. Anaimba pakati pa usiku. Mwana wanga alibe galimoto, ndipo ine sindikanamlola kuyenda yekha nthawi imeneyo. M'mawa maiyo anadza kwa ine, khadi lili m'manja, nati: "Amai, kodi si munalemba kuti nthawi iliyonse? Ndagona ndikukolopa." Sanakalipe ai, koma ine ndinasowa poyang'ana. Tsiku limenelo ndinazindikira kuti khadi ndi lonjezo. Chilichonse cholembedwa pamenepo munthu wina adzachikhulupirira pa nthawi ya mavuto ake.

1. Nchito ya madzi pamaso pa Mulungu

Tiyambe ndi kuchotsa manyazi. Alipo makolo amene anena monyadira kuti mwana wao ndi namwino kapena mphunzitsi, koma akakhala pulambala amangoti "achita tinchito". Mau a Mulungu sapeputsa luso la manja. Pa Eksodo 31:1-5 Yehova anaitana Bezaleli pomtchula dzina, nampatsa Mzimu wake kuti agwire nchito ya golidi, siliva, mkuwa, miyala ndi matabwa. Pa 2 Mafumu 20:20, polemba mwachidule za mphamvu za mfumu Hezekiya, wolemba anasankha kutchula thamanda ndi ngalande zimene anatengera madzi kulowa nawo m'mzinda. Ngalande imene akatswiri ambiri amati ndiyo ya Hezekiya ilipo mpaka lero ku Yerusalemu, yosemedwa m'thanthwe, yotalika mamita oposa 500. M'chaka cha 1880 munapezeka malembo pakhoma lake, osimba za tsiku limene magulu awiri a okumba, ochokera mbali ziwiri, anakumana pakati.

Ife a m'Zambia tidziwa kufunika kwa nchito imeneyi. Kolera imene inabuka ku Lusaka mu Okutobala 2023 inachititsa kuti bwalo la National Heroes Stadium lisanduke chipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa mu Januwale 2024 anatsegulidwa mu Febuluwale. Munthu amene atseka paipi ya zonyansa kuti isadonthere m'madzi akumwa, kapena amene alangiza mwini nyumba kuti sepitiki thanki isakhale pafupi ndi chitsime, ateteza miyoyo ya ana. Munthu wotere ayenera kudziwika, ndipo khadi ndi njira yotchipa yomdziwitsa.

2. Zoyenera kulembedwa pa khadi

Khadi la bizinesi ndi laling'ono, mamilimita 85 m'litali ndi 55 m'lifupi, kukula kwake ngati khadi la ATM. Linapangidwa chotero kuti lilowe m'kachikwama ka ndalama. Malo ndi ochepa, choncho tilembepo zinthu zisanu zokha.

Choyamba, dzina. Likhale dzina limene anthu amdziwa nalo mwini nchito. Ngati pali dzina la bizinesi, ndi bwino kuyamba mwalilembetsa ku PACRA musanalisindikize, kuti mungapeze kuti lili kale ndi mwini wake makhadi atatha kugawidwa. Dzina lolembetsedwa pamodzi ndi nambala ya TPIN ya ku ZRA zimathandizanso pofuna nchito ku masukulu, ku maloji ndi ku maofesi, pakuti kumeneko amafuna malisiti oyenera.

Chachiwiri, nchito yeniyeni. Mau akuti "Plumber" aonekere patali, ndipo pansi pake pakhale nchito zitatu kapena zinai zimene mwini khadi azidziwadi: kukonza mapaipi odontha, kutsegula zimbudzi ndi masinki otsekeka, kuika mathanki ndi mapampu, kukonza magiza. Mzere umodzi wa Chinyanja, monga "Tikonza mapompi, zimbudzi ndi mathanki", uthandiza agogo amene Chingerezi chiwavuta.

Chachitatu, nambala ya lamya. Ichi ndicho chachikulu pa khadi lonse, ndipo chilembedwe ndi zilembo zazikulu koposa zina. Manambala khumi aja musawalembe mothinana. Agaweni patatu kuti maso asasokonezeke. Nambala imodzi kapena ziwiri zikwanira, ndipo muonetse imene ili pa WhatsApp, chifukwa masiku ano munthu amatumiza chithunzi cha paipi yowonongeka, pulambala n'kudziwiratu zitsulo zoti anyamule. Nambalayo ikhale yolembetsedwa m'dzina lomwelo lili pa khadi. Munthu akafuna kulipira pa Airtel Money kapena MTN MoMo, lamya imamuonetsa dzina la wolandira, ndipo akaona dzina lachilendo amakayika. Ngati mufuna kuti abale okhala ku Johannesburg kapena ku London, amene amangitsa nyumba kuno kwao, azitha kuimba, yambani ndi +260 ndi kuchotsa 0 woyamba uja.

Chachinai, dera logwirako nchito. Wa ku Chipata angalembe kuti Kapata, Mchini, Kalongwezi ndi malo ozungulira. Wa ku Lusaka angatchule Matero, Kabwata kapena Chelstone. Munthu amene madzi asefukira m'nyumba mwake afuna wokonza wapafupi. Koma nambala ya nyumba yogonamo isalembedwe, makamaka ngati mwini khadi ndi mtsikana. Khadi limafika m'manja mwa anthu a mitima yosiyanasiyana.

Chachisanu, nthawi ya nchito ndi maphunziro. Lembani masiku ndi maola enieni, monga Lolemba mpaka Loweruka, 07:00 mpaka 18:00. Ngati mwana ali ndi setifiketi ya TEVETA, itchulidwe monga momwe ilili, osaikweza.

3. Zosayenera kulembedwa

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Makhadi ambiri amene ndawaona ndi okongola, koma alonjeza zimene eni ake sangathe. Mnyamata ali yekha ndi njinga, koma khadi lake likuti ndi "Engineers and Contractors" ogwira nchito m'Zambia monse. Wina wamaliza sukulu chaka chatha, koma walemba kuti wakhala pa nchitoyi zaka khumi. Ena amati, "Ndi mau chabe a malonda, onse alemba chomwecho." Koma Ambuye Yesu pa Mateyu 5:37 atiphunzitsa kuti kuvomera kwathu ndi kukana kwathu kukhale koona kopanda zoonjezera, ndipo sanapatule amalonda pa lamulo limeneli.

Katekisma wa Heidelberg, amene mpingo wathu uphunzitsa, pa funso 110 afotokoza kuti lamulo lachisanu ndi chitatu sililetsa kuthyola nyumba kokha. Liletsanso machenjerero onse otengera chuma cha mnzathu, monga miyeso yonama ndi malonda achinyengo. Khadi lonena bodza lili m'gulu lomwelo, pakuti limkopa munthu kupereka ndalama zake pokhulupirira chinthu chimene palibe.

Musaikepo chizindikiro cha kampani ya madzi, kaya ndi Eastern Water and Sanitation Company kapena ina iliyonse, ngati simuli wanchito wao kapena sanakuloleni. Musalonjezenso zolumikiza madzi kapena zogwira mita. Kulumikiza nyumba ku paipi yaikulu popanda chilolezo cha kampani ndi mlandu, ndipo Mkhristu asadziwike ndi nchito yotere ngakhale pakhale ndalama zambiri.

Nanga vesi ya m'Baibulo? Amai ambiri andifunsa zimenezi. Sinditi n'kulakwa, koma tidzifunse cholinga. Ngati vesi iikidwa kuti ikhale nyambo yokokera Akhristu, tayandikira kuchimwira lamulo lachitatu, lotchula dzina la Mulungu pachabe. Ndipo kumbukirani kuti pulambala wa khadi la vesi akalandira ndalama za zipangizo n'kuzimitsa lamya sabata lathunthu, anthu sanyoza iye yekha. Anyoza ndi dzina limene analemba pansi pa nambala yake. Chizindikiro cha mpingo nachonso chisaikidwe pa khadi la malonda.

4. Maonekedwe ndi kusindikiza

Khadi la pulambala limawerengedwa ndi munthu wothamanga mtima, kawirikawiri m'kamdima, manja ali onyowa, magalasi ataiwalika kuchipinda. Choncho zilembo zikhale zoongoka, zakuda kapena zabuluu wakuda pa pepala loyera. Zilembo zopindikapindika zija tizisiyire makhadi a ukwati. Mitundu iwiri ikwanira, ndi kachithunzi kamodzi ka pompi kapena dontho la madzi. M'mbali monse musiye mpata wa mamilimita atatu kapena kuposapo, kuti podula mpeni usadye manambala. Yeso labwino ndi ili: mpatseni khadi mai wachikulire wa m'Chigwirizano. Akawerenga nambala osatsinzina diso, khadilo lakhoza.

Pepala likhale lolimba, la 300 kapena 350 gsm. Limene timalembapo mayeso kusukulu ndi la 80 gsm, ndipo silikhalitsa m'thumba. Funsani wosindikiza makina amene agwiritsa nchito. Inki ya maprinta ambiri a inkjet imasungunuka ikakhudza madzi, pamene ya laser siitero. Kutsogolo angakute ndi kapulasitiki koteteza, koma kumbuyo kukhale kosakuta kuti bolopeni izilemba.

Kumbuyo kumeneko musakusiye kopanda kanthu. Ife tinalembako malangizo awiri: paipi ikaphulika tsekani valavu ya pafupi ndi mita, ndipo giza ikadontha zimitsani magetsi ake musanaigwire. Pansi tinasiya mizere itatu yolembapo tsiku, nchito yogwiridwa ndi mtengo wopangana. Anthu amasunga khadi lotere chifukwa liwathandiza, ndipo mtengo ukalembedwa mikangano ya pambuyo imachepa. Mai wamasiye uja akanadziwa za valavu, sakanagona akukolopa.

Mwana amene adziwa kompyuta angathe kulikonza yekha pa Word kapena Canva. Pa pepala limodzi la A4 pamalowa makhadi khumi. Musanalipire, pemphani khadi limodzi lachitsanzo. Tengani lamya, muimbe nambalayo mukuiwerenga pa khadi, osati ya m'mutu mwanu, kufikira lamya ya mwini wake italira. Anthu awiri achite zimenezi. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinamdya wa makhadi 500. Yambani ndi makhadi 100 okha, chifukwa m'miyezi yoyamba mudzapeza zofuna kusintha.

5. Kagawidwe kake

Khadi limene lili m'kabati siligwira nchito, ndipo lomwazidwa pamsewu limathera m'ngalande. Lipatsidwe kwa anthu amene amafunsidwa funso lakuti, "Kodi mudziwako pulambala?" Anthu amenewa ndi ogulitsa m'mashopu a hadiweya, amisiri omanga nyumba, a zamagetsi, eni nyumba za lendi, oyang'anira masukulu ndi maloji, ndi amai a masaluni amene nchito yao iima madzi akavuta. M'shopu pemphani chilolezo, siyani makhadi ochepa, ndipo muzipitako kukaona ngati atha.

Nthawi yabwino koposa yopereka khadi ndi pamene nchito yatha, pansi pakolopedwa, ndipo mwini nyumba watsegula pompi naona kuti sidonthanso. Pamenepo mpatseni awiri, lina lake, lina la mnansi wake. Mukhozanso kusindikiza tomata tokhala ndi dzina ndi nambala, tomamatiza pa thanki kapena pafupi ndi valavu mwini nyumba akalola. Tsiku la vuto maso ake adzayamba kugwera pomwepo. Chithunzi cha khadi chisungidwenso mu lamya kuti chizitumizidwa pa WhatsApp.

Kutchalitchi tisamale. Yohane 2:13-16 atikumbutsa mkwiyo wa Ambuye pa iwo amene anasandutsa Kachisi msika. Makhadi asayende m'mabenchi nthawi ya mapemphero kapena pamaliro. Ngati mpingo uli ndi bolodi la zidziwitso, pemphani kwa abusa ndi akulu a mpingo. Kunja, mapemphero atatha, palibe choletsa kuuza mnzanu kuti mwana wanu akonza mipope.

Pomaliza, lamya iyankhidwe. Nambala ikasintha, makhadi akale atayidwe. Ngati simungathe kufika lero, nenani kuti mawa, ndipo mawalo mufike. Ngati nchitoyo yakukulirani, mtumizeni munthuyo kwa mmisiri wina amene aidziwa. Munthu amene mwamuuza zoona lero adzakuitanani tsiku lina.

6. Mbali yathu ife azimai

Dorika atamwalira ku Yopa, amasiye anaonetsa Petro malaya ndi zovala zimene iye anawasokera. Nchito ya manja ake ndiyo inamchitira umboni. Khadi lingathe kumfikitsa mwana pakhomo la munthu kamodzi, koma kuti aitanidwenso kachiwiri zidalira nchito imene anasiya pakhomopo. Miyambo 22:1 iika mbiri yabwino pamwamba pa chuma chambiri, ndipo phunziro limeneli ana amalitenga kwa ife, kunyumba, asanagwire sipanala.

Ndife azimai amene timayamba kuona pompi ikudontha, ndipo ndife timafunsana za wokonza. Tinyamule makhadi awiri atatu m'zikwama zathu. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, choncho tinyamulenso a ana amasiye a mu mpingo mwathu. Koma tisayamikire munthu amene nchito yake sitinaione, chifukwa popereka khadi timaperekanso dzina lathu.

Ndipo pali tchimo lina limene tilichita mosazindikira. Mwana wa mu mpingo akatikonzera chimbudzi timati, "Zikomo mwanawe, Mulungu akudalitse," n'kumpatsa kapu ya tiyi basi, pamene mlendo tikanamlipira mosawiringula. Deuteronomo 24:14-15 alamula kuti wolembedwa ganyu alandire malipiro ake tsiku lomwelo, ndipo Yakobo 5:4 achenjeza kuti malipiro obisidwa amafuula kwa Ambuye. Tipangane mtengo nchito isanayambe, ndipo tilipire.

Mwana wanga tsopano ali ndi khadi lachitatu. Lili ndi mau ochepa, ndipo onse ndi oona. Sanalemere ai, koma adzigulira yekha zitsulo zatsopano, apereka chakhumi chake, ndipo watenga mtsikana wina woti aziyenda naye ndi kumphunzitsa. Woyamba kutenga makhadi atsopanowo kukagawira anansi ake anali mai wamasiye uja, titapita kukampepesa ndi kumkonzera paipi yake.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi ndi ana angati mu mpingo mwathu amene anaphunzira nchito za manja koma sadziwika? Tingawathandize bwanji mwezi uno?

2. Ndi mau ati amene timawaona pa makhadi ndi pa zikwangwani za malonda amene sagwirizana ndi Mateyu 5:37?

3. Ena a ife tisoka, tiphika, tiweta nkhuku. Mukanati mulembe khadi lanu, ndi zinthu zisanu ziti zimene mukanaikapo?

4. Kodi alipo amene anatigwirira nchito ndipo sitinamlipire mokwanira? Tichitepo chiyani tisanakumanenso?

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, tikuyamikani chifukwa cha madzi amene mutipatsa, ndi chifukwa cha manja amene awafikitsa m'nyumba zathu. Dalitsani ana athu amene aphunzira luso, muwatsegulire makomo a nchito. Tikhululukireni pamene talonjeza zimene sitinachite, ndi pamene tamana wanchito malipiro ake. Tiphunzitseni kunena zoona pakamwa ndi polemba pomwe, kuti dzina lanu lisanyozedwe chifukwa cha ife. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.